Mbiri ya kaundula wosaiwala amene anabwera poyamba



Amene anaimapo pamzere pachipata cha Mwami akudziwa kuti buku lolembamo anthu limasunga zinthu ziwiri: dzina la munthu ndi nambala ya chiphaso chake. Koma limasunganso chachitatu mwakachetechete, ndiye kuti ndani anafika poyamba. Chachitatuchi chikasokonekera, mkangano umabuka. Akatswiri a makompyuta analimbana ndi vuto lomweli kwa zaka zambiri.

Mu 1958 John McCarthy anayamba kukonza chinenero cha Lisp ku MIT, ku America. Lisp imasunga dzina ndi chinthu chake pawiripawiri mumndandanda wotchedwa association list. Dongosolo la kalowedwe silitayika, koma pofuna dzina limodzi kompyuta imayenda mzere ndi mzere, ngati mphunzitsi wofufuza mwana m'kaundula wa ana 2,000.

Pofuna liwiro, anthu anatembenukira ku njira zina. Hash table, imene Hans Peter Luhn wa ku IBM anaiganizira mu 1953, imamwaza mayina m'timabokosi. Data.Map ya chinenero cha Haskell imasanja mayina motsatira alifabeti. Zonse ziwiri zimapeza dzina msanga, koma zimaiwala amene anabwera poyamba. Banda wobwera madzulo amaima patsogolo pa Zulu wolawirira mmamawa.

Java inathetsa vutoli mu 2002 ndi LinkedHashMap, imene imalumikiza dzina lililonse ndi lotsatira lake ngati unyolo. Koma m'zinenero za functional muli lamulo lakuti cholembedwa sichifufutidwa, umangopanga chatsopano. Choncho kumasula ndi kumanganso unyolo n'kovuta. Clojure, imene Rich Hickey anatulutsa mu 2007, inasunga dongosololi pamayina ochepa okha. Akachuluka, limabalalika popanda chenjezo.

Mu 2019 Scala 2.13 inabwera ndi VectorMap. Nzeru yake ndi ya alembi akale a pasukulu: mabuku awiri. Lina ndi lofufuzira dzina msanga, lina ndi la mayina monga momwe analowera.

Ndiye inu ana anga amene mukulemba mapulogalamu ku Lilongwe ndi ku Chipata, musanasankhe posungira mayina a odwala kapena alimi odikira feteleza, dzifunseni ngati kubwera koyamba kuli ndi kanthu. Mayi amene anadzuka tambala woyamba asadzaitanidwe pomaliza chifukwa dzina lake limayamba ndi Z.