Chikalata cha Mayiko Onse cha Ufulu Wachibadwidwe

Chikalata cha Mayiko Onse cha Ufulu Wachibadwidwe ndi mndandanda wa mfundo 30 zofotokoza ufulu umene munthu aliyense amabadwa nawo, posatengera mtundu wake, khungu lake, chipembedzo chake, chinenero chake, kapena kuti ndi mwamuna kaya mkazi. Msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations unavomereza chikalatachi mumzinda wa Paris ku France pa 10 Disembala 1948, ndipo tsikuli limakumbukiridwa chaka ndi chaka.

Chiyambi chake

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, anthu anaona poyera nkhanza zimene boma la Nazi linachitira Ayuda ndi anthu ena ambiri. Atsogoleri anazindikira kuti boma likamazunza anthu ake, mayiko ena sayenera kungoyang'ana. Komiti yolemba chikalatachi inatsogozedwa ndi mayi Eleanor Roosevelt a ku America. John Humphrey wa ku Canada ndiye analemba zoyambirira, René Cassin wa ku France anazisanja bwino, ndipo Charles Malik wa ku Lebanon ndi Peng Chun Chang wa ku China anathandiza kuti maganizo a zikhalidwe zosiyanasiyana amveke.

Mwa mayiko 58 amene anali m'bungweli, 48 anavomera ndipo palibe limene linakana. Asanu ndi atatu anakana kuponya voti mbali iliyonse, kuphatikizapo Soviet Union, Saudi Arabia ndi South Africa, imene chaka chomwecho inayamba ulamuliro watsankho. Mbali yaikulu ya Africa inali m'manja mwa atsamunda, choncho mayiko a kuno amene anavomera anali Egypt, Ethiopia ndi Liberia okha.

Zimene zilimo

Mfundo zina zimateteza munthu ku nkhanza: ukapolo, kuzunzidwa, ndi kumangidwa popanda chifukwa zimaletsedwa, ndipo woimbidwa mlandu ndi wosalakwa kufikira bwalo litamupeza wolakwa. Zina zimanena za ufulu wolankhula, wopembedza, wosonkhana ndi wosankha atsogoleri. Zinanso zimakhudza moyo wa tsiku ndi tsiku, monga maphunziro, ntchito ya malipiro oyenera, chakudya, pogona ndi chithandizo cha mankhwala.

Mphamvu yake

Pachokha chikalatachi si pangano lokakamiza boma. N'chifukwa chake mu 1966 panakhazikitsidwa mapangano awiri omanga mayiko owavomereza, amene anayamba kugwira ntchito mu 1976. Mayiko a mu Africa anavomereza pangano lawo ku Nairobi mu 1981, ndipo bungwe loyang'anira panganoli lili ku Banjul m'dziko la Gambia.

Ku Malawi, malamulo oyendetsera dziko a 1966 ankatchula chikalatachi, komabe mu ulamuliro wa chipani chimodzi anthu ankatsekeredwa osazengedwa mlandu. Pa mlandu wa a Chakufwa Chihana, amene ankatsutsa ulamulirowo, bwalo lalikulu la apilo linanena kuti chikalatachi ndi mbali ya malamulo a dziko, ngakhale silinawamasule. Malamulo a 1994 anaika ufulu umenewu m'mutu wachinayi, motero munthu amene waphwanyiridwa ufulu akhoza kukasuma kubwalo la milandu kapena kukadandaula ku bungwe la Malawi Human Rights Commission. Chikalatachi chinamasuliridwa m'zinenero zoposa 500, kuphatikizapo Chichewa, pakuti munthu sangateteze ufulu umene saudziwa.