Mbiri ya Raketi ya Mutu Waung'ono

M'nyumba yosungiramo katundu pa sukulu pathu, kuno ku mapiri a Dowa, tinapeza tsiku lina cinthu cimene ana athu sanacidziwe. Cinali ca mtengo, ca mpini wautali ndi mutu wozungulira wolukidwa nsinga, ndipo mutuwo unali wopanidwa pakati pa timatabwa. Ena anati ndi msampha wa mbalame, ena anati ndi cosefera ufa ca Azungu. Ife tinawauza kuti imeneyo ndi raketi, comenyera mpira pa masewera a tenesi, ndi kuti timatabwato tinali toiletsa kupindika pa nyengo ya dzinja. Pamenepo mnyamata wina, amene anaonapo masewerawa ku Lilongwe, anatsutsa, nati raketi zimene anaona iye ziri ndi mitu yaikuru koposa. Sananame mnyamatayo. Pakati pa raketi yathu yakale ndi zimene iye anaona pagona mbiri yaitali, ndipo tifuna kuilongosola pano. Pakuti masiku ano raketi zogwirapo kale nchito zifika m'misika pamodzi ndi zobvala za kaunjika, ndipo mnyamata wosadziwa angathe kutayirapo ndalama za mtedza wa atate wace, napwetekanso mkono wace.

Tenesi ya mtundu umene tiudziwa lero inayamba ku England. M'caka ca 1874 Walter Wingfield anayamba kugulitsa mabokosi okhala ndi ukonde, mipira ndi raketi, ndipo mu 1877 unacitika mpikisano woyamba wa ku Wimbledon, umene anapambana Spencer Gore. Kuti owerenga aone kutalika kwa nthawiyo, akumbukire kuti panali patatsala zaka 12 kuti A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok afike ku Mvera, m'dziko la Chiwere, mu 1889, ndi zaka 17 kuti Robert Blake ayambe nchito ku Kongwe mu 1894.

Kuyambira masiku amenewo kufikira patapita zaka pafupifupi 100, raketi zinali za mtengo, ndipo zonse zinali ndi mitu yaing'ono, ya masikweya inchi monga 65. Sikuti anthu anasankha msinkhu umenewu. Mtengo ndiwo unalamula. Yense amene anakungapo uta adziwa kuti nsinga ikoka mtengo usana ndi usiku osapuma. Tsono pa raketi nsinga ndi zambiri, zina zoimirira, zina zopingasa, ndipo zonse zifinya mutu pamodzi. Mmisiri akakuza mutuwo, mtengo upindika kapena kuthyoka. Akati aulimbitse poukhuthalitsa, raketi ilemera kosati nkuinyamula. Amisiri anayesa nzeru zambiri. M'zaka za m'ma 1930 anafalitsa mcitidwe wakumata timizere topyapyala ta mitengo yosiyanasiyana, kuti mutu ukhale wolimba; koma ukuru wace sunasinthe. Nsinga zace zinali za matumbo a nkhosa, ndi pambuyo pace a ng'ombe, nchito imene a Babolat anaiyamba ku Lyon, ku France, mu 1875. Raketi yotere inkalemera magalamu pafupi ndi 400. Ndi cida cotere Rod Laver wa ku Australia anapambana mipikisano yonse inai yaikuru ya dziko lapansi m'caka cimodzi, ndiyo ya ku Australia, ku France, ku Wimbledon ndi ku America. Anatero mu 1962, nabwerezanso mu 1969.

Citsulo cinalowa pang'onopang'ono. Mu 1967 a Wilson anaturutsa raketi yacitsulo yochedwa T2000, imene anailingalira René Lacoste wa ku France, ndipo Jimmy Connors anapambana nayo mipikisano itatu yaikuru mu 1974. Koma mutu wace unali waung'onobe, cifukwa anthu anazolowera kuti raketi ikhala comweco.

Amene anaswa cizolowezico sanali katswiri wa masewera iai. Anali Howard Head wa ku America, injiniya amene anayamba tenesi atakalamba, ndipo inamkanika. Iye anaona kuti mpira ukagunda cakumbali kwa nsinga, raketi ipotoka m'dzanja, mpira nupita kwina. M'malo mwa kudzudzula dzanja lace, anadzudzula cida. Anazindikira kuti cinthu cotambalala sicipotoka msanga monga copapatiza, ndi kuti aluminiyamu angathe kusenza mutu umene mtengo sukadausenza. Cotero mu 1976 a Prince anayamba kugulitsa raketi yace ya masikweya inchi 110. Akatswiri anaiseka, nati nja nkhalamba ndi osadziwa. Koma mu 1978 mtsikana wa zaka 16, dzina lace Pam Shriver, anafika nayo pa ndime yotsiriza ya mpikisano waukuru wa ku America, ndipo kuseka kunacepa. Posakhalitsa amisiri anayamba kupanga raketi ndi ulusi wa kaboni, umene amalonda auchula graphite, wopepuka ndi wolimba koposa mtengo ndi citsulo comwe.

Mtengo unagonja msanga. Yannick Noah, amene anapambana ku France mu 1983, ndiye mwamuna wotsiriza kutenga umodzi wa mipikisano inai ija ndi raketi ya mtengo. Björn Borg wa ku Sweden, amene anapambana ku Wimbledon zaka zisanu zotsatana kuyambira 1976 kufikira 1980, anayesa kubwerera ku masewera mu 1991 ku Monte Carlo, atagwira raketi ya mtengo monga kale. Ndipo Jordi Arrese anamgonjetsa mosabvuta pa masewera oyamba omwe. Akuru anati tsabola wakale sawawa.

Apa mpamene mbiri yathu itembenuka. Malire a mtengo atacoka, mutu waung'ono sunathe. Unasanduka cinthu cosankha. Ndipo ena mwa akatswiri oposa onse anausankha dala. Tiyenera kumvetsa cifukwa cace.

Pa mutu waung'ono nsinga ndi zazifupi, ndipo nsinga yaifupi sitamuka kwambiri. Cifukwa cace mpira sulandira mphamvu yambiri yocokera ku raketi, koma upita kumene dzanja lautuma, ndipo womenya amva m'zala zace m'mene waumenyera. Mutu waukuru uponya mpira ndi mphamvu yace, nukhululukira munthu amene waphonya pakati. Pakuti pa raketi iri yonse pali malo a pakati, amene tingawachule mtima wace, pamene mpira ukagunda ucoka bwino osagwedeza mkono. Ndipo pa mutu waung'ono mtimawo ndi wocepa. Anthu a kuno adziwa kusiyana kumeneku. Wogwetsa mtengo ku mapiri a Ntchisi atenga nkhwangwa yaikuru. Koma wosema mtondo kapena cipande atenga sompho, imene idya pokhapo pamene diso lalozera. Sompho m'dzanja la mmisiri icita zodabwitsa. M'dzanja la mwana iononga mtengo, kapena itema cala.

Pete Sampras wa ku America ndiye citsanzo ca mmisiri wotere. Mipikisano yaikuru 14 imene anapambana pakati pa 1990 ndi 2002 anaipambana ndi raketi ya mtundu umodzi, Wilson Pro Staff, ya masikweya inchi 85 okha. Koma sanaigwiritse nchito monga inacokera ku fakitale. Anamata timizere ta mtobvu m'mbali ziwiri za mutu, kufikira raketi inalemera pafupi ndi magalamu 400, ngati za mtengo zija. Ndipo nsinga zace za matumbo anazikunga kolimba, mapaundi oposa 70, pamene anthu ambiri akunga pakati pa 50 ndi 60. Mtobvu wa m'mbali unali woletsa kupotoka kuja kumene kunasautsa Howard Head. Onani tsono: nthenda inali imodzi, mankhwala awiri. Head anakuza mutu, Sampras anaulemeza. Koma mankhwala a Sampras afuna phewa ndi mkono wa munthu amene wamenya mpira tsiku ndi tsiku kuyambira ubwana wace.

Wina amene atiphunzitsa zambiri ndiye Roger Federer wa ku Switzerland. Mu 2001 iye anagonjetsa Sampras ku Wimbledon, onse awiri atagwira raketi ya mtundu womwewo wa 85. Caka cotsatira anasamukira ku mutu wa 90, ndipo ndi umenewo anapambana mipikisano yaikuru 17 kufikira 2012. Koma zaka zinapita, anyamata a raketi zazikuru ndi nsinga zatsopano anayamba kumenya mipira yolumpha m'mwamba ndi mphamvu, ndipo Federer anayamba kugunda mpira ndi mkombero wa raketi kawirikawiri. Mu 2013 anaturutsidwa ku Wimbledon pa ndime yaciwiri ndi Sergiy Stakhovsky. Sanacite manyazi kusintha. Mu 2014 anatenga mutu wa 97, nauphunzira ngati mwana wa sukulu. Ndipo mu 2017, ali ndi zaka 35, anapambana ku Australia ndi ku Wimbledon, napambananso ku Australia mu 2018. Anapuma pa masewera mu 2022. Masiku ano akatswiri ambiri agwira mitu ya pakati pa 95 ndi 100, ndipo umene unkayesedwa waukuru pa masiku a mtengo ndiwo uchedwa waung'ono.

Nanga mnyamata kapena mtsikana wa kuno, amene waima pamsika ali ndi ndalama zace m'thumba, mbiri iyi imuuza ciani?

Coyamba, adziyese yekha asanayese raketi. Ngati ali woyamba kumene, asiye mutu waung'ono, atenge wa 100 kapena kuposa. Tinaona m'modzi wa ophunzira athu akale amene anagula raketi yolemera ya mutu waung'ono cifukwa ca dzina la katswiri lolembedwa pa iyo. Asanathe mwezi cigongono cinamuwawa, ndipo anaipacika kukhoma. Luso la katswiri silitsagana ndi raketi pogula. Koma amene wasewera zaka, amene amenya pa mtima wa raketi nthawi zambiri, ndipo mipira yace ipitirira malire cifukwa ca kuculuka kwa mphamvu, ameneyo angapindule ndi mutu wa 95 kapena 93.

Caciwiri, aipenyetsetse. Cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Ayang'ane ming'alu pa khosi ndi pa mkombero, pakuti raketi ya kaboni ikang'aluka siikonzeka.

Cacitatu, ayese mpini. Augwire monga pomenya, ndipo cala ca mkombaphala ca dzanja linalo cilowe bwino pakati pa nsonga za zala ndi cikhatho. Pano raketi isiyana ndi khasu. Mpini wa khasu ukanenepa tiupala ndi mpeni. Wa raketi supalidwa, koma ukaonda tiukulunga ndi lamba wace kufikira ukwane. Cifukwa cace pokayika nkwabwino kutenga woonda.

Cacinai, asathamangire mtobvu. Asewere nayo raketi masabata angapo monga iri, kuti amve cosowa cace. Ikamapotoka m'dzanja, amate mtobvu m'mbali ziwiri za mutu mofanana. Ikasowa mphamvu, amate pang'ono pa nsonga, podziwa kuti pamenepo galamu imodzi imveka kulemera koposa pena ponse. Mutu ukalemera kopitirira, aonjeze kulemera ku mpini. Aonjeze magalamu awiri kapena atatu pa nthawi imodzi, nasewere, namvere mkono wace. Ndipo popeza mtobvu ndi poizoni, asambe m'manja akaugwira, ndi kuusunga patali ndi ana.

Cacisanu ndi nsinga. Zokungika kolimba zicepetsa mphamvu ndi kugwedeza mkono. Zofewa ziponya mpira patali ndipo zicitira cifundo cigongono. Mutu waung'ono ndi wouma kale mwa cibadwa cace, cotero ambiri aufewetsako. Koma ife a kumapiri tiri ndi cathu coti tikumbukire. Pamalo okwera mpweya ndi wopyapyala, ndipo mpira uuluka msanga nugwa patali. Ncifukwa cace malamulo a tenesi alola mpira wa mtundu wina pa malo okwera koposa mamita 1,219 pamwamba pa nyanja yamcere. Boma la Dowa ndi phiri la Ntchisi ziri pamwamba pa muyeso umenewo. Motero raketi imene ikhala bwino ku Salima, m'mbali mwa nyanja, ingaoneke yopulupudza kuno. Ndipo wosewera kuno angafune kukunga nsinga zace pang'ono koposa mnzace wa kucigwa.

Atate athu sankagula khasu ndi mpini wace. Ankagula citsulo kwa wosula, napita kuthengo kukafuna mtengo woyenera, nausema molingana ndi msinkhu wa mwini wace ndi mphamvu ya msana wace. Ndipo mwana ankampangira kakhasu kace, kufikira atakula. Palibe amene ankanyoza mwanayo cifukwa ca kakhasuko, ndipo palibe nkhalamba inkacita manyazi kutenga khasu lopepuka pamene mphamvu zinacepa.

Raketi yathu ya mtengo tinaicotsa m'timatabwa tace tsiku lomwelo, ndipo ana anayesa kumenya nayo mpira pa khoma la sukulu. Ambiri anaphonya, ena anagunda ndi mkombero, ndipo kunali kuseka kwambiri. Mnyamata uja wa ku Lilongwe anailimbikira kufikira dzuwa litapendeka. Ndipo pamene anagunda pa mtima pace kamodzi, anaima, nayang'ana dzanja lace. Tinamuuza kuti ayambe ndi raketi yaikuru, ndi kuti yakaleyo idzamdikira m'nyumba ya katundu.