Magazi onga zenga: zaka 113 zofunafuna mankhwala

Mu 1910, dokotala wa ku Chicago, James Herrick, analemba za mnyamata wa ku Grenada amene ankangodwaladwala. Maselo ofiira a magazi ake, m'malo mokhala obulungira, anali opindika ngati zenga. Dzina lakuti sickle cell linachokera pamenepo.

Mbali ina ya chinsinsi chake inaululikira kuno ku Africa. Mu 1954, Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anaonetsa kuti munthu wotengera chibadwachi kwa kholo limodzi lokha malungo samugwetsa kwambiri. N'chifukwa chake chinafala kumadera a udzudzu. Tsoka limagwera mwana wotengera kwa onse awiri, bambo ndi mayi: mafupa kuphwanya, magazi kuchepa, kuchipatala osathako phazi. Pofika 1957, Vernon Ingram ku Cambridge anali atapeza kuti cholakwika ndi kachidutswa kamodzi kokha m'puloteni yonyamula mpweya m'magazi.

Kudziwa nthenda si kuichiza. Ntchito ya Human Genome Project, yowerenga zilembo pafupifupi 3 biliyoni za DNA ya munthu, inayamba mu 1990 n'kutha mu 2003. Majini anadziwika (osati mizimu ija ya kwa asing'anga, koma malangizo a chibadwa), koma chida chowakonzera mosavuta panalibe. Chinabwera mu 2012, pamene Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anaonetsa kuti CRISPR ingadule DNA pamalo amene munthu wasankha.

Lumo likagwera m'manja mwa wopupuluma limacheka pena. Mu 2018, He Jiankui wa ku China analengeza kuti wasintha majini a ana amapasa asanabadwe. Dziko linadzidzimuka, pakuti kusintha kotere kumapitirira kwa zidzukulu zimene sizinafunsidwe. Anagamulidwa kukhala kundende zaka 3.

Njira ya Victoria Gray wa ku Mississippi, amene ankadwala sickle cell, inali ina. Mu 2019, iye mwini atavomera, madokotala anatenga maselo ochokera m'mafuta a m'mafupa ake, n'kuwasintha ndi CRISPR kuti ayambirenso kupanga puloteni imene mwana amakhala nayo ali m'mimba, kenako n'kuwabwezera m'thupi. Ululu unaleka, ndipo kusinthako sikudzafika kwa mbadwo wina. Mu November 2023, Britain anavomereza mankhwalawa pa dzina lakuti Casgevy, America n'kutsatira mu December.

Mkangano wa amapasa a ku China unamveka dziko lonse. Wa mtengo, umene ine ndimauona waukulu, umangonong'onedwa. Ku America, mu 2023 mtengo wa Casgevy unaikidwa pa madola 2.2 miliyoni pa wodwala mmodzi, ndipo mankhwalawa amafuna chipatala chodziwa kuika maselo a m'mafupa. Komatu ana ambiri obadwa ndi sickle cell amabadwira kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, kumene ochuluka amamwalira asanayezedwe n'komwe, ndipo ngakhale hydroxyurea, mankhwala akale otchipa ochepetsa ululuwo, safika kwa onse.