Kanthu n'khama: mbiri ya gitala ya magetsi yosemedwa pamanja

Akuluakulu adati, "Kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa." Phwiti ndi kambalame kochepa thupi, koma m'mwambiwu kadapata mkazi woposa msinkhu wake chifukwa sikadafooke. Mwambi umenewu ukugwirizana ndi mbiri ya gitala ya magetsi. Adzukulu ambiri akaona gitala yonyezimira m'manja mwa woimba pa wailesi ya kanema amayesa kuti chida chotere chidabadwira m'fakitale yaikulu, pakati pa makina ndi anthu a maphunziro apamwamba. Mbiri ikunena zosiyana. Ena mwa magitala amene adasintha maimbidwe a dziko lonse adasemedwa ndi anthu pa nthawi yawo yopuma, ndi matabwa amene wina akadasonkhera moto.

Chimene chidavuta poyamba

Gitala wamba ndi bokosi la matabwa opyapyala lokhala ndi mphako m'kati. Nsambo ikakhudzidwa imanjenjemera, bokosi nalo limanjenjemera, ndipo mawu amamveka. Mawu amenewa amakwanira pabwalo la pakhomo, koma m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 magulu oimba a ku America adali aakulu, okhala ndi malipenga ambiri ndi ng'oma. Woimba gitala ankatuluka thukuta pachabe, pakuti mawu ake ankamira m'phokoso la anzake.

Yankho lidachokera ku nzeru imene Michael Faraday wa ku England adatulukira m'chaka cha 1831, yakuti mphamvu ya maginito ikamasinthasintha pafupi ndi waya, m'wayamo mumayenda magetsi. Pa gitala ya magetsi pali kachipangizo kotchedwa pickup, kamene ndi maginito okulungidwa ndi waya wa mkuwa woonda ngati tsitsi, wozungulizidwa maulendo zikwi zingapo. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pake, m'wayamo mumabadwa magetsi ochepa, amene chokuzira mawu chimawakulitsa mpaka kumveka pa sipika. M'chaka cha 1931, George Beauchamp wa ku Los Angeles adayesa nzeruyi pa kagitala kamtengo kamene ankakaimba atakagoneka pamiyendo. Chaka chotsatira iye ndi Adolph Rickenbacker adayamba kugulitsa magitala otere, ndipo anthu adawatcha Frying Pan popeza ankafanana ndi chiwaya chokazingira chokhala ndi chogwirira chachitali.

Komabe pickup itaikidwa pa gitala yamphako, vuto lina lidabuka. Mawu ochokera pa sipika ankabwerera m'bokosi n'kuligwedeza, bokosi n'kugwedeza nsambo, mpaka kulira kosasangalatsa kuja kumene kumamveka pamsonkhano munthu akayandikiza maikolofoni pa sipika.

Chipika cha Les Paul

Les Paul adabadwira ku Waukesha, m'chigawo cha Wisconsin, m'chaka cha 1915. Adali woimba wodziwika, komanso munthu wokonda kumasula ndi kumanga zinthu. Iye adalingalira kuti ngati mphako ndiyo ikubweretsa kulira kuja, ndiye kuti gitala ikhale yopanda mphako. Cha m'ma 1940 adapempha kuti azigwiritsa ntchito malo osemera a kampani ya Epiphone ku New York pa masiku a Lamulungu, antchito atapuma. Kumeneko adatenga mtanda wa paini wochindikala mainchesi 4 mbali zonse, nalumikizako khosi la gitala, nsambo ndi mapickup opanga yekha. Chidachi adachitcha The Log, kutanthauza chipika.

Atakaimba nacho pagulu, anthu sadachite nacho chidwi chifukwa sichinkaoneka ngati gitala. Les Paul adadula gitala yakale pakati, namangirira zidutswa ziwirizo m'mbali mwa chipika chija ngati mapiko. Mawu adali omwewo, koma tsopano omvera adakondwera. Nthawi zina munthu amamva ndi maso. Kampani ya Gibson idachikana chipikacho poyamba, koma m'chaka cha 1952 idatulutsa gitala yopanda mphako yodziwika ndi dzina la Les Paul yemweyo.

Chimene chidatembenuza mtima wa a Gibson ndi ntchito ya Leo Fender wa ku Fullerton, ku California. Iyeyu adali wokonza mawailesi, ndipo sankadziwa kuimba gitala. M'chaka cha 1950 adayamba kugulitsa gitala ya thabwa limodzi lathyathyathya, khosi lake lomangidwa ndi masikuluwu anayi, kotero kuti likawonongeka limatheka kumasulidwa n'kuikapo lina. Gitalayo idatchedwa Telecaster m'chaka cha 1951, ndipo Stratocaster idatsatira mu 1954. Kapangidwe kosavutaka ndiko kadatsegulira njira anthu osema magitala kunyumba, pakuti aliyense wodziwa kugwira sowo ndi tchizulo adaona kuti naye angathe.

Bambo ndi mwana ku Feltham

Nkhani yopambana zonse idachitikira ku Feltham, kumadzulo kwa London. Brian May, amene adabadwa m'chaka cha 1947, ankasirira gitala ya Fender, koma makolo ake sakadakwanitsa mtengo wake. Bambo ake, a Harold May, adali katswiri wa zamagetsi ndiponso munthu waluso la manja. M'malo mouza mwana kuti aiwale, kapena kukongola ndalama, iwo adagwirizana naye kuti apange yawo. Ntchito idayamba mu Ogasiti 1963, Brian ali ndi zaka 16, ndipo idatenga pafupifupi zaka ziwiri, madzulo ndi masiku opuma.

Khosi la gitalayo lidasemedwa ku thabwa la mahogany, mtengo wa banja limodzi ndi mbawa, limene lidakhala zaka zoposa 100 pamwamba pa malo osonkhapo moto wowotha m'nyumba ina yakale. Thabwalo lidali ndi tizibowo ta tizilombo todya matabwa, ndipo Brian adatitseka ndi timitengo ta machesi. Pakati pa thupi la gitala adaikapo thabwa lolimba la oak lochokera ku tebulo lakale. Timadontho toyera tolozera zala pakhosi adatisema ku mabatani a m'bokosi losokera la mayi ake, a Ruth. Chipangizo chokwezera ndi kutsitsira mawu a nsambo zonse pamodzi adachipanga ndi chitsulo cholimba chakuthwa ngati mpeni, ndi masipuling'i awiri a injini ya njinga yamoto. Chogwirira chake chidachokera ku kachitsulo ka njinga yakapalasa, ndipo kunsonga kwake adaikako chidutswa cha singano yolukira majuzi. Zonse pamodzi zidadya pafupifupi mapaundi 8. Mapickup oyamba Brian adakulunga yekha, koma pambuyo pake adagula atatu a kampani ya Burns n'kuwakonzanso.

Pali chinthu china chosonyeza kuti awiriwa adalingalira mozama. Pamene Les Paul adathawa mphako kotheratu, Brian ndi bambo ake adasiya dala timphako tobisika m'thupi la gitala, kuti kulira kuja, kukalamulidwa bwino, kuzitalikitsa mawu m'malo mowawononga. Chimene ena adachiona ngati mdani, iwo adachiweta.

Gitalayo, imene idatchedwa Red Special chifukwa cha kufiira kwake, ndiyo Brian May adaimbira m'gulu la Queen, lomwe lidayamba m'chaka cha 1970. Idamveka pa chiimbo chachikulu cha Live Aid ku Wembley m'chaka cha 1985, ndiponso pa denga la nyumba yachifumu ya Buckingham mu 2002, pokondwerera zaka 50 za ufumu wa Elizabeth II. Pokhudza nsambo iye amagwiritsa ntchito kandalama ka sikisipensi, dzina limene agogo a ku Malawi amalikumbukira kuchokera nthawi imene kwacha idali isadabwere m'chaka cha 1971. Munthu amene akadatha kugula gitala iliyonse padziko adakakamira ya thabwa lobowoka lija.

Pakati pa bambo ndi mwana sipadalephere kusemphana. A Harold adakhumudwa pamene Brian adasiya maphunziro ake apamwamba a sayansi ya zakuthambo kuti atsate nyimbo, ndipo padapita zaka asadavomereze njira ya mwana wawo. Brian adabwerera ku maphunzirowo atakula, namaliza digiri ya udokotala ku Imperial College m'chaka cha 2007.

Muyeso ndi kudekha

Khama lokha silikwanira popanda muyeso. Pakhosi la gitala pamakhala tizitsulo topingasa, ndipo kalikonse kali ndi malo ake. Wosema amagawa kutalika kwa nsambo ndi 17.817 kuti apeze malo a kachitsulo koyamba, kenaka amagawa kutalika kotsalako ndi nambala yomweyo kuti apeze kachiwiri, mpaka kumapeto. Akawerengera bwino, kachitsulo ka 12 kamagwera pakati penipeni pa nsambo. Akaphonya pang'ono, gitala imakongola koma imanama, monga adanenera akale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thabwa nalonso liyenera kukhala louma bwino, chifukwa laliwisi limapindika nsambo zisanu ndi imodzi zikamalikoka usana ndi usiku. N'chifukwa chake thabwa lakale la ku Feltham lidali chuma, ndiponso m'kati mwa khosi amabisamo mtanda wachitsulo woliwongola. Kupala, kukwecha ndi kupaka vanishi kangapokangapo kumatha masabata. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Luso lotere si lachilendo kwa ana a ku Malawi. Anyamata a m'midzi akhala akupanga mabanjo a zigubu ndi mawaya, ndipo babatoni, chida cha nsambo imodzi ndi chikopa, chafikitsa Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi gulu la Madalitso Band la ku Lilongwe kumabwalo a maiko akutali. Mitengo ya mtundu wa mbawa nayonso imagwiritsidwa ntchito ndi osema magitala a magetsi m'maiko ambiri. Chimene chikucheperachepera ndi mwambo wakuti wamkulu akhale pansi ndi mwana, sompho kapena tupa lili m'manja, n'kumuonetsa pogwira ndi poyeza. Mwana amene wangogulilidwa chinthu amadziwa mtengo wake wokha, ndipo chikawonongeka amachitaya. Amene wasema pamodzi ndi kholo lake amadziwa chimene chili m'kati, ndipo amatha kuchikonza. A Harold May adalibe ndalama yogulira gitala, koma adapereka madzulo awo kwa zaka ziwiri, ndipo chimene adasema ndi mwana wawo chidakhala chikuimba zaka zoposa 60. M'mera mpoyamba.