Mbiri ya Zipangizo za Malonda m'Dziko la Mwase

Munthu akayenda pa mseu waukulu wocokera ku Lilongwe kunka ku Mzimba, napyola m'zigwa za Kasungu, aona zigafa za fodya, zigayo, ngolo za ng'ombe, ndi tinyumba ta anyamata otumiza ndalama pa lamya. Ana athu ayesa kuti zinthu izi zinakhalapo cikhalire. Koma ife aphunzitsi tiyenera kuwakumbutsa kuti ciri conse ca izi cinadza pa nyengo yace, ndipo pakudza cinakweza ena, nicigwetsa ena. Tifuna tsono kulongosola mbiri yace, kuti mwini golosale, telala ndi mlimi wa maekala awiri adziwe njira imene makolo ao anadzera.

Tiyambe ndi citsulo. Azungu asanafike, Acewa a kwa Mwase ndi a kwa Chulu anali akatswiri oyenga citsulo. Anamanga ng'anjo zadothi zazitali kuposa munthu, nathiramo makala ndi miyala ya citsulo, ndipo moto unakolera wokha ndi mpweya wolowa pa timipopi tadothi ta m'munsi. Pambuyo pace anayenganso citsuloco m'ng'anjo yaing'ono ya mvukuto, nacipereka kwa osula. Khasu lotuluka m'menemo silinali lolimira pokha ai. Linali ngati ndalama, pakuti ndi khasu munthu anagula mbuzi kapena mcere, nalipira nalo mlandu. Dr. David Livingstone anafika kwa Mwase m'caka ca 1863, ng'anjo zimenezi zikali kufuka utsi, ndipo mabwinja a zina aoneka kufikira lero m'nkhalango ya Kasungu National Park.

Kumapeto kwa caka ca 1895 asilikari a Boma la Angerezi anagonjetsa Mwase, ndipo m'zaka zotsatira masitoro anadza ndi makasu osulidwa kunja. Khasu la m'sitoro linali la mtengo wocepa, losafuna kudula mitengo kapena kucezera pa moto; cotero ca m'ma 1930 ng'anjo za Kasungu zinazima. Pamene ofufuza zakale anafika kwa Chulu m'zaka za 1982 ndi 1983, anacita kufunafuna nkhalamba zowerengeka zokumbukira nchitoyo. Mlimi anapindula ndithu ndi khasu latsopano, koma ndalama zace zinayamba kuturuka m'mudzi kunka kwa osula a kutsidya kwa nyanja, ndipo luso la mibadwo yambiri linatha m'mbadwo umodzi.

Boma linadzanso ndi msonkho wa nyumba, umene unafuna makobiri. Amuna ambiri anauyamba ulendo wa pansi kunka ku Salisbury ndi ku migodi ya Joni. Ena anachona; koma obwerera anadza ndi zinthu ziwiri zimene zinabala malonda ang'ono ambiri, ndizo njinga ndi makina osokera. Wa njinga anatha kutenga nsomba zouma ku Nkhotakota nazigulitsa ku cigwa, ndipo wa makina anakhala pa khonde la sitoro ya Mmwenye, nasoka nsaru imene wogula anangogula kumene. Tizindikire kuti zipangizo ziwirizi zinakhazikika cifukwa eni ace anaphunzira kuzikonza okha ndi sipanala ndi mafuta pang'ono.

Za fodya ziri ndi mbiri yowawa koposa. M'caka ca 1926 Boma linakhazikitsa Native Tobacco Board, bungwe lolemba maina a alimi a fodya wa cikopa ndi kuyang'anira misika yao, ndipo m'caka ca 1938 msika wa okishoni unatsegulidwa ku Limbe. Mlimi wa kumudzi sanafike kumeneko. Anagulitsa pa msika wa pafupi, pomwe sikelo inali m'manja mwa wogula. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, zigwa za Kasungu zinadzala ndi maesiteti, ena a Press Farming ndi General Farming, makampani a Dr. Kamuzu Banda, mwana wa dziko lomweli. Anamanga mabalani a njerwa owambiramo fodya wa kampopi, ndipo bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linaphunzitsa alimi osankhika nchito imeneyi. Koma lamulo la Special Crops Act linaletsa munthu wa pa nthaka ya mfumu kulima bale kapena kampopi wopanda cilolezo. Iye anagulitsa cikopa cace kwa ADMARC, imene inayamba m'caka ca 1971, pa mtengo woikidwa ndi Boma; kapena analowa utenanti, nalima fodya wa mwini esiteti, nadya cimanga ca ngongole. Balani linaima pafupi ndi mudzi wace, linadya mitengo ya m'chire lace, koma phindu lace linali la wina.

M'zaka zomwezo za m'ma 1970 Boma linacotsa Amwenye m'masitoro a kumidzi, kuti malondawo akhale a eni dziko. Abale athu analowa m'masitoromo ndi cimwemwe, koma ambiri anatseka zitseko posacedwa. Nyumba inalipo, mashelefu analipo. Cosowa cinali galimoto yotengera katundu, wokongoza katunduyo, ndi buku lolembamo zolowa ndi zoturuka. Wogulitsa wosalemba anayesa kuti ndalama zonse za m'kabati ndizo phindu, nadya mpamba wace osadziwa. Cifukwa cace ife timati kope ndi pensulo ziri zipangizo za malonda monga sikelo imene, ndipo masamu a m'sukulu sali cinthu ca mayeso okha.

M'caka ca 1990 khomo linayamba kutseguka, pamene alimi a minda yaing'ono analoledwa kulima bale m'makalabu. Bale safuna balani. Afuna cigafa ca mitengo ndi udzu, mikangala, ndi jeke yodindira mabelo, imene kalabu ikhoza kugula pamodzi. Bungwe la NASFAM, lokhazikitsidwa m'caka ca 1997, linathandiza makalabu kupeza magalimoto onka ku Kanengo, ndipo pambuyo pace msika unatsegulidwa pa Chinkhoma m'boma lathu lomwe lino. Ndalama za bale ndizo zinagula zigayo zambiri, ngolo ndi malata amene tiona lero. Koma cigafa cidyanso mitengo caka ndi caka, ndipo mavenda a sikelo zokaikitsa anafika pa khomo la mlimi m'miyezi ya njala, nagula fodya asanasankhidwe.

Njala ya 2001 ndi 2002 inasautsa Kasungu kopambana, ndipo m'njala yomweyo munaturuka citsanzo cimene dziko lonse lapansi linamva. William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, analeka sukulu posowa fizi. Anawerenga buku la zamagetsi m'kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya kwao, natola cipupizo ca thirakitala, mafupa a njinga, dainamo ndi mapaipi, namanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pa nsanja ya mitengo ya bulugama, ali ndi zaka 14. Anansi amene anamseka anadza kudzatchaja lamya zao. M'caka ca 2007 anakafotokoza nchito yace pa msonkhano ku Arusha. Mnyamata uyu anacita monga oyenga a kwa Chulu: anadziwa m'kati mwa cipangizo cace, pakuti anacimanga ndi manja ace.

Lamya ya m'manja ndiyo yasintha malonda ang'ono koposa zonse kuyambira pa njinga. Kampani ya TNM inayamba m'caka ca 1995, ndi Celtel, imene tsopano ndiyo Airtel, m'caka ca 1999. Airtel Money inadza m'caka ca 2012, ndi Mpamba m'caka ca 2013. Mai wa golosale ku Santhe akhoza kufunsa mtengo wa shuga ku tauni asanakwere galimoto, nalipira katundu osanyamula ndalama m'mpango. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zounikira magetsi a mawaya sizinafike 12 mwa 100 m'dziko muno, cotero lamya yadzetsanso malonda a sola. Yadzetsanso akuba a mtundu watsopano, amene aimba ndi mau okoma, nati mwapata mphoto kapena atumiza ndalama molakwa, napempha nambala yanu yacinsinsi. Akulu anati, fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Ndalama imene simunaione m'lamya mwanu ndi maso anu musaiwerengere.

Kuyambira m'caka ca 2012 fodya wambiri agulitsidwa mwa pangano: kampani ikongoza mbeu ndi feteleza, nidula ngongoleyo pa msika. M'caka ca 2023 Malawi analowa m'pangano la maiko locepetsa kusuta, ndipo m'mwezi wa November caka comweco kwacha inagwa ndi 44 mwa 100, kotero kuti cipangizo ciri conse cocokera kunja cinakwera mtengo. Alimi ambiri atembenukira ku soya ndi mtedza, ndipo mbeu izi zifuna zipangizo zace, monga makina oswera mtedza ndi oyengera mafuta.

Potsiriza, abale, wogulitsa makina akafika pa bwalo la mudzi, mbiri iyi itipatsa mafunso omfunsa tisanaturutse ndalama. Cikaonongeka, adzacikonza ndani, ndipo zitsulo zace zipezeka ku Kasungu kapena ku Lilongwe kokha? Cidya ciani, mitengo, mafuta kapena ngongole, ndipo cidzabweza mtengo wace m'zaka zingati? Ngati ciposa mphamvu ya munthu mmodzi, kodi kalabu kapena banki m'khonde singacigule pamodzi, monga tinacitira ndi jeke? Ndipo cikagulidwa, tisankhe mnyamata kapena mtsikana mmodzi wa m'mudzi, timtume akaphunzire kucimasula ndi kucimanganso, kuti ndalama ya wokonza itsale kwathu.