Mbiri ya a Michael D. Higgins, mtsogoleri wakale wa dziko la Ireland

A Michael Daniel Higgins ndi mkulu wa ndale, mphunzitsi komanso mlakatuli wa ku Ireland, ndipo adali Pulezidenti wachisanu ndi chinayi wa dzikolo kuchokera mu Novembala 2011 kufikira mu Novembala 2025. Asanafike pa mpandowu adatumikirapo ngati phungu wa Nyumba ya Malamulo, meya wa mzinda wa Galway ndinso nduna ya boma. Iwo amadziwika kwambiri chifukwa cholankhula mosapsatira mawu ali pa udindo umene malamulo a dzikolo adaupatsa mphamvu zochepa.

Ubwana ndi maphunziro

A Higgins adabadwa pa 18 Epulo, 1941 mumzinda wa Limerick. Bambo awo adamenya nawo nkhondo yofuna ufulu wodzilamulira kuchokera kwa Angerezi, koma pambuyo pake adayamba kudwaladwala ndipo banjalo lidalowa mu umphawi. Ali ndi zaka zisanu, a Higgins pamodzi ndi mng'ono wawo adatumizidwa kumudzi m'boma la Clare, komwe adaleredwa ndi abale a bambo awo.

Atatsiriza sukulu ya sekondale adagwira ntchito ya ukalaliki ku bungwe loona za magetsi, kenaka adalowa sukulu ya ukachenjede ya University College Galway. Kumeneko adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwe la ophunzira. Adakapitiriza maphunziro a za chikhalidwe cha anthu ku Indiana University ku America, ndipo atabwerera adayamba kuphunzitsa pa sukulu yomwe ija ya ku Galway. M'chaka cha 1974 adakwatira mayi Sabina Coyne, ndipo ali ndi ana anayi.

Ku Nyumba ya Malamulo

Nyumba ya Malamulo ya ku Ireland ili ndi zigawo ziwiri: Dáil, momwe mumakhala aphungu osankhidwa ndi anthu m'madera, ndi Seanad, yomwe imaunikanso mabilu ochokera ku Dáil. A Higgins adaimira chipani cha Labour m'dera la Galway West pa zisankho za mu 1969 ndi 1973 koma adagonja. Mu 1973 momwemo, nduna yaikulu ya nthawiyo, a Liam Cosgrave, idawasankha kuti akakhale mu Seanad.

Mpando wa uphungu adaupata koyamba mu 1981, koma udawapulumuka mu Novembala 1982. Adabwerera mu Seanad mpaka mu 1987 pamene anthu a ku Galway West adawasankhanso, ndipo kuchokera pamenepo adakhalabe phungu wa deralo mpaka mu 2011. M'zaka zimenezi adatchuka polankhula za ufulu wachibadwidwe m'maiko monga El Salvador ndi Nicaragua, ndipo mu 1984 adali m'gulu la anthu omwe adatsutsa ulendo wa mtsogoleri wa dziko la America, a Ronald Reagan, wa ku Ireland.

Unduna

Mu 1993 chipani cha Labour chidalowa m'boma la mgwirizano ndipo a Higgins adakhala nduna ya za luso, chikhalidwe ndi madera olankhula chiyankhulo cha makolo a ku Ireland. Adagwira ntchitoyi mpaka mu 1997, pansi pa nduna zazikulu ziwiri, a Albert Reynolds ndi a John Bruton. Adadzutsanso bungwe lothandiza okonza mafilimu, komanso adatsogolera ntchito yokhazikitsa kanema woulutsa m'chiyankhulo cha makolocho, yemwe adatsegulidwa mu Okutobala 1996 ndipo lero amatchedwa TG4.

Chiganizo chomwe chidabutsa mtsutso waukulu chidali cha mu Januwale 1994, pamene adasiya kuonjezera nthawi ya lamulo loletsa wailesi ndi kanema kuulutsa mawu a anthu a chipani cha Sinn Féin ndi a magulu a zida a ku Northern Ireland. Ena adati uku kudali kupereka mpata kwa anthu a zamtopola, pomwe ena adati kudatsegula njira ya zokambirana. Gulu la IRA lidalengeza zoimitsa nkhondo mu Ogasiti chaka chomwecho.

Upulezidenti

Ku Ireland boma limayendetsedwa ndi nduna yaikulu, yomwe amaitcha Taoiseach, pamodzi ndi nduna zake. Pulezidenti amasankhidwa ndi anthu kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndipo saloledwa kupitirira maulendo awiri. Ntchito zake zambiri amazichita potsatira uphungu wa boma, ndipo sangatuluke m'dziko popanda chilolezo cha boma. Komabe ali ndi mphamvu zotumiza bilu ku bwalo lalikulu la milandu asanaisainire, kuti oweruza aone ngati ikugwirizana ndi malamulo oyendetsera dziko.

A Higgins adapambana chisankho cha pa 27 Okutobala, 2011 chomwe chidali ndi opikisana asanu ndi awiri. Ngakhale adalonjeza kuti adzakhala pa mpando ulendo umodzi wokha, mu 2018 adaimanso ndipo adapeza mavoti 822,566, omwe ndi oposa theka la mavoti onse. Mu Epulo 2014 adakhala mtsogoleri woyamba wa Ireland kuchita ulendo wa boma ku Britain, komwe adalandiridwa ndi Mfumukazi Elizabeth II ku Windsor. Mu Novembala chaka chomwecho adayendera maiko a Ethiopia, Malawi ndi South Africa. Kuno ku Malawi, komwe dziko la Ireland lidatsegula ofesi ya kazembe ku Lilongwe mu 2007, adakumana ndi Pulezidenti Arthur Peter Mutharika.

Mphamvu zotumiza bilu ku bwalo la milandu adazigwiritsa ntchito mu 2023 pa bilu yokhudza kasankhidwe ka oweruza. Bwalolo lidagamula kuti biluyo idalibe vuto, ndipo iwo adaisainira.

Malire a udindo

Zolankhula zawo nthawi zina zidawaombanitsa mitu ndi andale. Adadzudzulidwa chifukwa cha uthenga wawo wa chipepeso pa imfa ya a Fidel Castro mu 2016, komanso pokana kupezeka pa mapemphero a ku Armagh mu 2021 okumbukira kuti padatha zaka 100 chigawikireni chilumba cha Ireland. Mu 2022 adadzudzula poyera kusowa kwa nyumba zogona m'dzikolo, nkhani yomwe ili m'manja mwa nduna. Owatsutsa adati Pulezidenti sayenera kulowerera pa mfundo za boma, koma owakonda adati munthu wosankhidwa ndi dziko lonse ali ndi ufulu wonena zomwe zikuwawa anthu.

A Higgins adatula pansi udindo atakwanitsa zaka 14. Adawalowa m'malo ndi mayi Catherine Connolly, omwenso adali phungu wa dera la Galway West, ndipo adalumbiritsidwa pa 11 Novembala, 2025.