Anai-anai pa mpando wa atatu: mbiri ya mabasi a mu Lusaka

Ambiri a inu munabadwa UBZ itafa kale. Kwa inu basi ndi Hiace kapena Rosa, kondakitala atapacikika pakhomo, maondo anu atakanikiza msana wa munthu amene simumudziwa. Mwina mumaganiza kuti zinali tero kuyambira kale. Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale, ndipo ndimauza ana a m'kalasi langa kuti kupanikizana kwa m'basi nakonso kuli ndi makolo ake, monga mmene nkhondo ndi maufumu zilili.

Tiyambire pa mtunda. Lusaka inakhala likulu mu 1935, boma la atsamunda litasamuka ku Livingstone. Amene anajambula mzindawu anali kuganizira mzungu wokhala ndi galimoto yake, misewu yotakata ndi mitengo m'mbali. Munthu wakuda anali kumuona ngati mlendo wobwera kudzagwira nchito, amene kwao kwenikweni ndi kumudzi. Nyumba za anchito ku Kabwata, Chilenje ndi Matero anazimanga pambali. Ufulu utabwera mu 1964, malamulo oletsa anthu kulowa m'tauni anatha, anthu anakhamukira kuno, ndipo makomboni monga Kanyama, Chawama, George ndi Kalingalinga anakula mofulumira. Koma nchito inatsala komwe inali: ku Cairo Road, ku mafakitale ndi kumayadi. Mmawa ulionse mzinda wonse unayenera kusamuka, madzulo nkubwereranso.

Kampani yaikulu ya mabasi nthawi ya atsamunda inali Central African Road Services. Mu 1968, ku Mulungushi, Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani ambiri a anthu akunja, ndipo kampani ya mabasiyi inali pa mndandanda. Mmenemo ndi mmene munacokera United Bus Company of Zambia. Akuluakulu akamaikumbukira amachula mabasi aakulu, ena a mtundu wa Dubrava ocokera ku Yugoslavia, kondakitala wovala yunifomu, tikiti ya pepala m'manja, ndi basi yonyamuka cifukwa nthawi yakwana, kaya mipando yadzaza kaya ai. Dalaivala anali kulandira malipiro pa mwezi. Mpando wopanda munthu sunali kumudya moyo.

Musafulumire kulira maliro a UBZ. Mtengo wa kopa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zakunja zinasowa, ndipo zitsulo zokonzera mabasi zinali kugulidwa kunja. Basi ikafa inali kugona kudepoti, ina nkumaphwasulidwa kuti ipatse inzake ziwalo. Boma ndilo linali kuika mtengo wokwerera, ndipo silinafune kuukweza kuopa mkwiyo wa anthu. Anthu anali kuculuka, mabasi akucepa. Akuluakulu omwewo amene amatamanda tikiti ya pepala amakumbukiranso mizere yaitali, kukankhana basi ikangoonekera, anyamata kulowera pawindo, ndi ena kungoyamba wapansi kupita ku Matero dzuwa litalowa.

Mu 1991 Frederick Chiluba ndi MMD analowa m'boma ndi maganizo akuti boma lisamacite malonda. Zambia Airways inatsekedwa mu 1994, UBZ inatsatira mu 1995. Pofuna kutseka mpatawo, boma linacotsa kwa kanthawi msonkho pa mabasi obwera kucokera kunja. Aliyense wokhala ndi kandalama anatha kukhala mwini basi, kuphatikizapo amene anacotsedwa nchito m'makampani a boma nalandira ndalama zao zotsanzikira. Kunabwera ma DCM, kenaka ma Hiace ndi ma Rosa ogwiritsidwa kale nchito ku Japan. Tinene cilungamo apa: kudikira basi kwa maola kunatha, ndipo timabasi tinalowa mkati mwa makomboni mmene basi yaikulu sinafikemo. M'zaka zomwezo kunalinso sitima ya Njanji Commuter yoyenda pakati pa Matero ndi Chilenje, koma sinakhalitse.

Cimene cinasintha mpando wanu kwambiri ndi cinthu cimene sicioneka ndi maso. Madalaivala amacicha kashing'i. Mwini basi amauza dalaivala ndalama imene ayenera kubweretsa tsiku lililonse, kaya kwagwa mvula, kaya msewu watsekeka. Pa zimene basi yapanga tsikulo pamacoka za mafuta, za pasiteshoni, za ang'wang'wazi oitanira anthu, ndi za kashing'iyo. Cotsala ndico cimene dalaivala ndi kondakitala amaona ngati cao. Tsopano ganizirani inuyo muli dalaivala. Kodi mudzanyamuka pa Kulima Tower mipando itatu ili pululu? Kodi mzere wa anthu atatu simudzaikapo wacinai?

Pafupifupi dandaulo lililonse limene timakhala nalo limatuluka m'masamu amenewa. Mipando imasendezedwa ndi kuwocereredwa kugalaji kuti pakwane mzere wina, ndiye munthu wamtali amakhala campendeko. Basi imaima paliponse pamene dzanja lakwezedwa, nkuthamanganso kuti ipitirire inzake isanatole anthu a patsogolo. Anthu akacepa panjira, mumamva "Selukani, mukwere iyo ili kumbuyo," cifukwa kubwerera ku tauni kwaoneka kopindulitsa kuposa kukufikitsani. Mtengo wa 10:00 ndi wa 17:00 umasiyana, ndipo mvula ikayamba umasiyananso. Tayala lotha limayenda sabata ina, popeza tsiku la kugalaji ndi tsiku lopanda kashing'i. Ndikamva anzanga akutukwana makondakitala kuti alibe mwambo, ndimavomera theka cabe. Alipo amwano ndithu. Koma mnyamata amene wadzuka 04:00, amene amawerenga cenji ataweramira pamwamba pa mitu ya anthu tsiku lonse, sindiye anasankha kuti galimoto yaing'ono conci inyamule mzinda wa anthu opitirira 2 miliyoni.

Njira nazo zinatsala monga atsamunda anazisiyira. Pafupifupi zonse zimathera m'tauni, pa Kulima Tower, City Market, Lumumba kapena Millennium. Wocokera ku Matero kupita ku Chelston amakwera kawiri, amalipira kawiri, amadikira kawiri kuti basi idzaze.

Maboma otsatizana ayesa, koma nthawi zambiri agwira kunja kwa basi. Panali lamulo loti mabasi onse apentedwe buluu, kenaka linasintha kukhala mzere wa olenji m'mbali. Lamulo la pamsewu la 2002 linabala RTSA. Lamulo la misika ndi masiteshoni la 2007 linati makhonsolo ndiwo aziyang'anira masiteshoni, koma kwa zaka zambiri makada a cipani colamula ndiwo anali kutolera ndalama kumeneko, ndipo ndalama iliyonse imene dalaivala anapereka inali kubwezedwa pa mpando wanu. Mu 2021 Hakainde Hichilema analamula kuti makada acoke. Milatho ya pamwamba inamangidwa ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres, ndipo a magalimoto ao anapumako. Yango inafika mu 2022 kwa amene thumba lao likulola. Kashing'i yokha palibe anaigwirapo.

Amene amalipira kwambiri ndi aja amene thupi lao silipindika. Mai wapakati amapemphedwa kusendera pamene palibe posendera. Gogo amakwezedwa mwacangu basi itayamba kale kuyenda. Dziko lathu lili ndi lamulo la anthu olumala la 2012, koma Hiace ilibe malo a njinga ya olumala, ndipo kondakitala akaiona pa siteshoni amawerenga mipando iwiri ndi mphindi zimene atayepo. Kawirikawiri amayang'ana kumbali nkumenya citseko kuti dalaivala apitirire.